Za opaleshoni ya bere ya amayi

Lusaka

Wokondedwa mnzanga,

Uthenga wanu wonena za amayi ndaulandira. Mwafunsa ngati bere lichotsedwa lonse. Zimenezo zimatengera kukula kwa chotupa poyerekeza ndi berelo, komanso ngati khansa yafalikira.

Chotupa chikakhala chaching'ono ndiponso pamalo amodzi, dokotala angachotse chokhacho pamodzi ndi mnofu pang'ono wozungulira. Khansa ikapezeka msanga, njira imeneyi imateteza moyo mofanana ndi kuchotsa bere lonse, koma imafuna radiotherapy (kuwotcha khansa yotsalira ndi kuwala kwa makina) pambuyo pake, masiku 5 pa mlungu kwa milungu ingapo. Choncho mufunse ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH (University Teaching Hospital) kuno ku Lusaka, kuti angayambe liti, ndipo muganizire kumene amayi azigona kuno. Chotupa chikakhala chachikulu kapena zikakhala zingapo, amachotsa bere lonse, kawirikawiri pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Nthawi zina amayamba ndi chemotherapy (mankhwala amphamvu opha khansa) kuti chotupacho chichepe. Akatero musaganize kuti akuzengereza.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi chisamaliro cha kunyumba. Amayi adzatuluka ndi kapaipi pabala kotulutsa madzi m'kabotolo. Wowasamalira azisamba m'manja, aziyeza madziwo tsiku lililonse ndi kulemba m'kabuku. Poyamba amakhala ofiira, kenako achikasu. Kapaipiko amakachotsa madzi akatsika kufika pa mamililita 30 pa tsiku, nthawi zambiri pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Kakachoka, madzi angadzazenso pansi pa khungu chifukwa pamene panali bere patsala mpata. Asafinye, kuchipatala amawapopa ndi jakisoni. Koma bala likafiira, likatentha, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, apite tsiku lomwelo.

Mkono wa mbali imeneyo asaufungatire chifukwa cha mantha, phewa limauma. Ayambe ndi kufumbata ndi kutambasula dzanja, kupinda chigongono, kugwedeza mapewa. Kapaipi kakachoka, aziyendetsa zala pakhoma mokweza pang'onopang'ono monga awaphunzitsira. Kusinja, kulima, kusenza madzi ndi kubereka adzukulu zidikire milungu 4 mpaka 6. Apa abale muumirire ndithu, chifukwa amayi athu sakhala pansi.

Dzanzi la m'khwapa ndi mkati mwa mkono limabwera chifukwa mitsempha ing'onoing'ono imadulidwa, ndipo lingatenge miyezi. Kutupa kwa mkono ndi nkhani ina. Anabere akachoka madzi a m'thupi sayenda bwino, ndipo mkono ungatupe ngakhale patapita zaka. Mphete ikayamba kuthina auze anesi msanga, ndipo asalole kutemedwa mphini pamkonopo.

Pa tsiku lobwerera kuchipatala pakhale munthu wofunsa zotsatira za chotupa chimene anachotsa. Zimenezo ndizo zidzasonyeze ngati amayi akufunika chemotherapy, radiotherapy, kapena mapiritsi monga tamoxifen, amene amamwa zaka 5 kapena kupitirira.

Mundiuze tsiku la opaleshoni likadziwika. Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzanu wa ku Lusaka