Ofufuza za nthaka abwerere kumudzi adzatiuze zomwe anapeza

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za kafukufuku wa nthaka ndi zachilengedwe yemwe amachitika m'midzi mwathu muno. Ndine mlimi wa ku Chiradzulu, ndipo nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima.

Zaka zitatu zapitazo kwathu kunabwera achinyamata anayi pa galimoto, atanyamula mapepala ndi chitsulo chobowolera pansi. Anati akufufuza za chonde. Tinawalandira ndi manja awiri. Anatapa dothi m'minda ingapo, wanga womwe, n'kuliika m'timajumbo tolembedwa manambala. Ine anandifunsa mafunso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo: feteleza ndimathira matumba angati, ndimakolola zochuluka bwanji, mapesi ndimatentha kapena ndimakwirira. Potsanzika analonjeza kuti adzabwera kudzatiuza chomwe nthaka yathu ikudwala. Mpaka lero kuli zii. Gogo wina amandifunsabe tikakumana kumjigo kuti dothi lake lija analipeza ndi chiyani, ine n'kusowa choyankha.

Sindikunyoza kafukufuku ayi. Ndi kafukufuku yemwe anatitsegula maso kuti m'chaka cha 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Kwa ife ozolowera kuwerenga matumba, amenewo ndi matumba 580 olemera makilogalamu 50, dothi lapamwamba lenilenilo, kupita ndi madzi. Dothi limenelo ndi lomwe limakadzaza mu Shire n'kumasokoneza makina a magetsi ku Nkula. Ndipo amene tinaona matope akutsika m'phiri la Soche ndi m'mapiri a kwathu kuno pa namondwe wa Freddy mu March 2023 sitifunikanso wotiuza kuti phiri lopanda mitengo limaopsa bwanji.

Mayankho enanso alipo kale, ndipo anapezeka pafupi pompano. Ku Makoka, m'boma la Zomba, akatswiri anayamba m'zaka za m'ma 1990 kuyesa kulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gilisidiya. Mtengowo umaudula m'munsi kuti usaphimbe mbewu, masamba ake n'kuwakwirira m'mizere, ndipo chimanga chimachita bwino kuposa cha m'munda wongosiyidwa. Ku Ekwendeni alimi ndi ofufuza akhala akugwirira limodzi ntchito yobzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi pofuna kubwezeretsa chonde. Nanga msangu? Makolo athu ankaudziwa kale: umayoyola masamba mvula ikayamba, kotero suchita mthunzi pa mbewu, ndipo chimanga cha patsinde pake chimakhala chobiriwira bii. Ofufuza anadzatsimikiza zomwezi. Koma funsani alimi khumi pamsika wa Mbulumbuzi kuti ndi angati anamva zotsatira zimenezi m'chinenero chawo. Zambiri zinalembedwa m'Chingerezi, zili m'mabuku ndi pa intaneti, pomwe mwini dothi akupitiriza kupalasa mchenga.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti kusabwererako kumaluzitsa ofufuza eni akewo. Akadabwera kachiwiri tikadawauza zinthu zomwe chitsulo chawo sichingatulutse pansi. Ine ndinabzalapo gilisidiya. Chaka choyamba mbuzi zinadya pafupifupi theka, chifukwa kuno tikangokolola ziweto zimatayiriridwa. Ndinayesanso kuphimbira nthaka ndi mapesi monga amanenera pa ulimi wa mtayakhasu, koma anyamata osaka mbewa anayatsa moto mu August, munda wonse n'kusanduka phulusa. Palinso nkhani ya mwini malo. Kuno kwathu amuna ambiri ndife akamwini, timalima pamalo a kuchikazi, ndipo ena amachita mphwayi kubzala mtengo poopa kuti banja likadzatha adzausiya. Wobwereka munda kwa chaka chimodzi ndiye sangayerekeze n'komwe, poti phindu la mitengo imeneyi limayamba kuoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Njira ikhoza kupambana pamunda woyesera wotchingidwa ndi waya, koma kumudzi imakumana ndi mbuzi, moto ndi ankhoswe.

Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Nthawi yatsala pang'ono, ndipo amene adzagwire khasu pa ntchito imeneyi ndi ife tomwe.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a masukulu a ukachenjede, kwa a unduna wa zaulimi ndi kwa onse opereka ndalama za kafukufuku. Pa ndalama zomwe mumaika pa ntchitoyi, patulani kagawo ka ulendo wobwerera kumudzi. Wophunzira asalandire digiri yake asanakaime pabwalo la amfumu n'kufotokoza m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chiyao zomwe anapeza. Asiye tsamba limodzi lokha losavuta kumva kwa mlangizi wa m'deralo, ndipo wailesi za m'madera zipatsidwe zotsatirazo mvula isanagwe. Mafumu nawonso, musanalole alendo kutapa dothi, muziyamba mwawafunsa tsiku lomwe adzabwerenso.

Kwa achinyamata anayi aja, ngati mukuwerenga kalatayi: minda ija ilipobe, ndipo tikufuna kudziwa ngati vuto ndi asidi kapena kuchepa kwa manyowa tisanayambe kugalauza chaka chino.

Mlimi wokhudzidwa,
Chiradzulu