Mng'alu wa nyumba ya Usher ana auone ndi maso awo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a Chingerezi kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndinapuma pantchito, koma Loweruka lililonse ana angapo a sekondale amabwera pakhonde panga kudzawerenga nkhani zazifupi. Mwezi watha tinali pa The Fall of the House of Usher, nkhani yoopsa ija yomwe Edgar Allan Poe wa ku America anatulutsa mu 1839.

Tisanatsegule n'komwe tsamba loyamba, mnyamata wina anasolola foni n'kuyamba kundilakatulira kuti mng'alu ukuimira kusweka kwa banja, dziwe likuimira imfa, mphepo yamkuntho ikuimira misala. Nditamufunsa kuti mng'aluwo uli potani pa nyumbayo, anangoti kakasi. Anali ndi mayankho a nkhani yomwe sanaiwerenge, ndipo ndikudziwa kuti m'makalasi ambiri akanapatsidwa malikisi onse.

Ndinawauza kuti mafoni alowe m'matumba. Chingerezi cha Poe n'cholemera, sindikana, moti chiganizo choyamba chokha chinatidyera nthawi. Koma titafika pomwe mlendo waima ndi kavalo wake m'mphepete mwa dziwe lakuda bii, akuona nyumba ya mnzake Roderick Usher m'madzimo, ana anayamba kuona okha. Mazenera a nyumbayo ali ngati maso opanda moyo. Mng'alu nawo ndi waung'ono, wosaoneka msanga, wayambira kudenga n'kutsika mokhotakhota ndi khoma mpaka kukatayika m'dziwe. Poe amautchula n'kuusiya pomwepo, osafotokoza kanthu.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi mawu a mtsikana wina wa fomu 3. Titawerenga kuti anthu a m'deralo akamati House of Usher ankatanthauza nyumbayo komanso mtundu wa eni ake, iye anati, "Ndiye ngati kwathu kuno, agogo akamati nyumba ya auje yatha, sikuti akunena zipupa." Nkhani yonse anaigwira pamenepo. Mtundu wa Usher sunachitepo nthambi zokhalitsa, ndipo amene atsala ndi mapasa awiri, Roderick ndi mlongo wake Madeline, onse odwala. Zimenezi mwanayu sanazitole pa intaneti. Zinachokera m'Chichewa cha agogo ake, ndipo ine mwini, zaka zonse zomwe ndinagwira choko, sindinaganizepo zozifotokoza choncho.

Kuchokera apo zinayenda zokha. M'ndakatulo yomwe Roderick amaimba muli nyumba yachifumu yokhala ndi mazenera awiri owala ndi khomo la ngale ndi miyala yofiira. Ana anazindikira kuti amenewo ndi maso, mano ndi milomo, kutanthauza kuti nyumbayo ndi mutu wa munthu womwe walowedwa ndi zoipa. Anabwerera okha ku mazenera a patsamba loyamba aja.

Mkangano waukulu unabuka pa Madeline. Ataoneka ngati wamwalira, mchimwene wake amamuika m'bokosi m'chipinda chapansi chokhala ndi chitseko chachitsulo, ndipo patapita masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, usiku wa mkuntho, iye amatulukira pakhomo zovala zake zoyera zili ndi magazi. Ena anati ndi mzukwa. Ena anakumbutsa kuti nthenda yake inkamuumitsa thupi ngati wafa, komanso kuti Roderick amavomereza yekha kuti anamumva akugwedezeka kwa masiku koma anaopa kunena. Sindinawaweruze. Aliyense ndinangomuuza kuti andionetse mzere womwe waimapo, ndipo anasanthula masamba mpaka dzuwa kupendeka.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti mndandanda wa zizindikiro tisamaulembe pabolodi ana asanawerenge. Ndikudziwa kuti makalasi ndi odzadza, mabuku ndi ochepa, ndipo mayeso sadikira. Komabe nkhani yaifupi ngati iyi ingathe kuwerengedwa mokweza m'mapiriyodi atatu ndi buku limodzi lokha. Tiziwafunsa kuti chinthu chakutichakuti chinaonekera pati koyamba, chabweranso pati, ndipo chasintha bwanji. Tiwalolenso kuganiza m'chilankhulo chawo asanalembe m'Chingerezi, chifukwa ana okulira pa nthano ndi zining'a mawu okuluwika si achilendo kwa iwo.

Mnyamata wa foni uja ndi amene anatiwerengera ndime yomaliza. Madeline wagwera mchimwene wake, onse afa, mlendo akuthawa. Atacheuka akuona mwezi wofiira ngati magazi ukuwala kudzera mu mng'alu uja, mng'aluwo ukukula, makoma akugawikana, dziwe n'kumeza zonse. Mnyamatayo anaima kaye, n'kubwerera kumayambiriro kukafuna pomwe unayambira, nati, "Aphunzitsi, ndiye kuti nyumbayi inali itayamba kale kugwa mlendoyu asanafike."

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Ntcheu