Msonkhano wa Loweruka pa nkhani ya madzi

Mamembala nonse a komiti ya madzi, Loweruka likubwerali tikumane pa mjigo wa pafupi ndi tchalitchi 2 koloko masana, chonde tisachedwe. Nkhani yaikulu ndi ya chilolezo. Paja lamulo la madzi la 2013 lija linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndiye amene akufuna kupatutsa madzi a mu mtsinje wa Likhubula kuti azithirira munda waukulu akuyenera kupempha kaye chilolezo kumeneko, otunga akumwa pakhomo okha ndi amene safuna pepala. Tikambirananso zobzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, chidutsireni namondwe wa Freddy mu 2023 magombe adakali ogumuka ndipo ine zimandiwawa zedi, madzi a m'phiri lathu la Mulanjeli mpaka ku Blantyre akumwa omwewa. Amayi asungichuma musaiwale kope la zopereka lija.