Kompyuta ya pashopu panga ikusunga zinsinsi za anthu

Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndili ndi kashopu ka fotokope pa Nsungwi ku Area 25. Ndilinso ndi kompyuta imodzi imene anthu amalipira kuti alowe pa intaneti. Ambiri ndi achinyamata osaka ntchito, amabwera kudzatumiza ma CV pa Gmail.

Sabata yatha kunachitika zimene zandisowetsa tulo. Mnyamata wina atangotsegula Chrome anapezeka ali m'kati mwa imelo ya mayi wina amene anabwera dzulo lake. Pamwamba penipeni panali kalata ya zotsatira za kuchipatala. Mwayi wake mnyamatayo ndi woleredwa bwino, anandiitana osawerenga zambiri. Koma mayiwo ndi aneba anga, timapemphera mpingo umodzi. Akanakhala wina wapakamwa, bwenzi nkhani ili pamsika ponse.

Chimene chikundiwawa n'chakuti sindinali wosasamala. Madzulo aliwonse ndisanatseke ndimadina Ctrl, Shift ndi Delete n'kufufuta history, mndandanda wa mawebusayiti amene anthu atsegula. Mwana wa achimwene anga ataona anati ndinkangochonga bokosi la history lokha, n'kusiya la ma cookies, timafayilo timene mawebusayiti amasiya m'kompyuta kuti azikumbukira kuti munthu analowa kale. Nthawinso inali pa Last hour, kufufuta za ola limodzi lapitalo lokha, m'malo mwa All time, kufufuta zonse. Ndakonza zonsezo. Koma titayang'ana mbali ya mapasiwedi tinapeza a anthu ambirimbiri amene anadina Save pamene Chrome inawafunsa ngati isunge pasiwedi, osadziwa kuti akusiya kiyi pachitseko. Kodi ndikafufuta ma cookies ndi mapasiwediwo, basi zakwana?

Mwanayo akuti aliyense azilowa pa Incognito, windo lachinsinsi la Chrome, chifukwa mukatseka mawindo ake onse, history ndi ma cookies sizitsala. Chabwino, koma ndayesa ndaona kuti zimene munthu wachita dawunilodi zimakhalabe mu Downloads. M'menemo muli zithunzi za ziphaso za unzika ndi masatifiketi a MSCE a anthu amene ena sindikuwakumbukira n'komwe.

Pano ndikufuna kugulitsa kompyutayi kwa anyamata okonza zipangizo ku Malangalanga kuti ndionjezere ndalama ndigule ina. Ndamva kuti chinthu ukachifufuta, ngakhale mu Recycle Bin, odziwa amatha kuchibweza pogwiritsa ntchito mapulogalamu ena ngati pamalo pake sipanalembedwe zina. Ndiye nditani kuti zichokeretu? Ndichite Reset ya Windows yobwezera kompyuta pachiyambi, kapena ndichotse hard drive, kachipangizo kosungira mafayilo, ndigulitse yopanda? Ikapanda hard drive mtengo utsika, ndikudziwa, koma ndilolera kusiyana n'kugulitsa maina ndi ziphaso za anthu pamodzi ndi makinawo.

Funso lina ndi la mayi aja. Ndiwauze kuti imelo yawo inatsala yotsegula kuti asinthe pasiwedi? Ndikuopa kuti ndikawauza adziwa kuti kalata ija inaonedwa. Lamlungu tinakhala benchi imodzi, ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe