Kwa mwana wanga, za timphatso ta alendo a pa ukwati wako

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lusaka pamodzi ndi akamwini athu. Kuno tadzuka, kupatula bondo la atate ako limene limayamba nthenya kukangozizira. Chimanga chili m'nkhokwe, nshawa tauma nazo bwino chaka chino.

Zithunzi zija unatumiza pa WhatsApp ndaziona. Mng'ono wako anachita kundikulitsira chifukwa maso anga ayamba nkhungu. Timakapu ta pulasitiki tokhala ndi nkhope zanu awiri, totsekulira mabotolo, timaluwa topanga tokutidwa ndi mapepala onyezimira, alendo 250 aliyense kake. Pafoni sindinakuyankhe, pakuti ndikayamba kulankhula ndalama za m'foni zimatha nkhani isanafike pakati. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, monga ndinkalembera makolo a ana anga a giredi 4 masiku aja ndili pantchito.

Uyambe wamva za kapu imene ili m'kabati mwanga, kuseri kwa mbale za alendo. Ndinailandira pa ukwati wa mwana wa mnzanga wa kumpingo. Ili ndi nkhope za mkwati ndi mkwatibwi, akumwetulira mano onse panja. Banja lija silinathe zaka zitatu. Lero kapuyo sindingamwetsere mlendo, pakuti ayamba kufunsa mafunso, komanso sindingaitaye chifukwa mai ake a mtsikanayo amabwera pano ndipo amadziwa kuti ndinalandira. Yangokhala ngati mlandu wosaweruzidwa. Usaganize kuti ndikulosera zoipa, ayi, banja lako ndimalipempherera m'mawa uliwonse. Ndikungoti nkhope yako ndi ya mwamuna wako zikhale pa chithunzi cha pakhoma panu, osati pa chinthu chimene mwana wa eni akatungire madzi osambitsira galu.

Ndiponso mtengo umene unanditchulira ungagule mbuzi zingapo. Ndipo mbuzizo ndiye zimavutika ukwati ukatha. Anthu a m'tauni amakwera magalimoto madzulo, ife timatsala ndi bwalo lodzala mapepala onyezimira. Ukukumbukira thonde wa atate ako amene anangoyamba kuwonda osadziwika chifukwa? Tsiku lomupha tinapeza m'chifu muli mpira wa mapulasitiki waukulu ngati papaya. Boma linaletsa kale matumba opyapyala kwambiri aja mu 2018, a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, nalengeza pa wailesi, koma mbuzi sizimva wailesi, ndipo m'ngalande za ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mvula ikagwa umadzionera wekha.

Tsono maganizo anga ndi awa. Mlendo apite ndi chinthu choti adye, kapena choti agwiritse ntchito mpaka chithe, ndipo chichokere m'manja mwa anthu ako.

Choyamba ndi nshawa. Akwawo kwa akamwini adzachokera ku Copperbelt, ulendo wa tsiku lathunthu ndi kupitirira, pakuti kuchoka ku Lusaka kokha kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550. Munthu wochokera kutali chotero akamva dzina loti Chipata, chimene chimabwera m'mutu mwake ndi nshawa. Ine ndinasunga matumba awiri a Chalimbana, ija ya maso akuluakulu yotsekemera. Ija yofiira ya ku Msekera, kumalo ofufuzira zaulimi, imene alangizi a zaulimi amaitcha MGV4, ili ndi mafuta ambiri, ndiyabwino kusinja chiponde, koma yokazinga kuti munthu azitafuna m'basi palibe yoposa Chalimbana. Tidzaswa ndi manja, zouma. Pali ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe, zala zisapweteke. Zimenezo pakhomo panga ayi, chifukwa chinyezi chija ndicho chimaitana chuku, ndipo chuku cha nshawa chili ndi poizoni amene satha ndi moto, amakaononga chiwindi. Tikaswa tidzasankha pa lichero imodziimodzi, yofota, yothyoka, yakuda, zonse pambali. Kukazinga tidzakazinga kutatsala masiku atatu kapena anayi, pa phale, moto wa makala osati wa lawilawi, kenako kuwaza timadzi ta mchere kumapeto kuti zichite mbuu. Zizizire bwinobwino zisanalowe m'thumba. Ukazitsekera zili zofunda zimachita thukuta, pofika tsiku la ukwati zafewa ngati zophika.

Timatumba take usagule. Atelala a mu msika wa Kapata amakhala ndi milu ya zidutswa za chitenge pansi pa makina, zina amangosesa n'kutentha. Azakhali ako ali ndi makina awo a mapazi, ndipo anena kale kuti kathumba ka chikhatho chimodzi, ka chingwe chokoka pakamwa, kwa iwo ndi masewera. Timatumbato sitidzafanana mtundu, ndipo kukoma kwake n'komweko, aliyense adzati changa ndi ichi. M'kati tidzaika pepala la khaki kuti mafuta asadetse nsalu. Nshawa zikatha, kathumba katsala. Agogo aikamo ndalama ya chopereka, wina singano ndi ulusi, wina mbewu ya maungu ya chaka chamawa.

Pa za maina, apa ndi pamene ine ndi atsikana a masiku ano timasiyana. Inu mukati mphatso ikhale yapadera, mumatanthauza kuti pakhale dzina lanu. Ife tinkati mphatso yapadera ndi imene wolandira akaiona adziwa kuti munamuganizira iyeyo. Ngati ukufuna tsiku la ukwati lioneke, kagule chidindo chimodzi cha labala, tidinde pa timapepala todula ku makatoni, timange pa chingwe. Koma kwa anthu amene anakuvutikira, dzina likhale lawo.

Ndikunena ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alangizi amene adzakhale nawe m'nyumba, abusa, ndi apongozi ako. Amenewa sungawapatse kathumba ka nshawa ngati wina aliyense wodutsa. Nkhuku ndi chitenge zimene mwambo umafuna zili apo, sindikuzichotsa. Pamwamba pake tionjezepo uchi. Amalume ako anafula ming'oma yawo mwezi wozizira uno, ndipo chiyambire kuphunzira kwa a COMACO, aja amagulitsa chiponde ndi uchi wa It's Wild!, anasiya kutentha njuchi ndi muuni wa udzu, uchi wawo sununkhanso utsi. Iwe ntchito yako ndi kutolera mabotolo a galasi a mayonezi ndi jamu kwa anzako a kuofesi, okhala ndi zivindikiro zake. Tidzawawiritsa, n'kuwaanika mpaka aume gwa, pakuti kadontho ka madzi kamasasitsa uchi. Papepala la botolo tidzalembe kuti khanda losakwana chaka lisapatsidwe, chifukwa pali agogo ena amakonda kunyambititsa ana chilichonse chotsekemera. Phula lotsala mng'ono wako akuti aumba makandulo. Ndamulola ayese, koma sindinaike mtima pamenepo.

Kwa mai ake a akamwini ndili ndi ganizo langalanga, ndipo usaseke. Ndikufuna ndiwamangire chikwatu. Mfutso wa chitambe ndi nkhwani ndinafutsa mu Malichi masamba akadali anthete, ndaumitsa pa mphasa, uli mumphika. Tidzaukulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi mpaka chikhale chibulunga chonga mutu wa mwana, monga ankachitira amai anga, n'kumachipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa tizilombo. Mzimai wamkulu aliyense, kaya ndi Mbemba kaya ndi Mtonga, akalandira chinthu chotero amadziwa kuti mtsikanayu wachokera pakhomo pamene ndiwo sizisowa mu Okutobala. Pambali pake mthiko ndi chipande. Mkulu uja wosema wa kutsidya kwa dambo amalemba zilembo ndi waya wootcha pamoto, ndiye adzalembe dzina la maiwo pa chigwiriro. Koma amagwira ntchito mwa kufuna kwake, tikamuuza mochedwa tidzalandira zipande mwana wako woyamba akukwawa. Unditumizire maina msanga, olembedwa bwino, ndisakalakwitse dzina la apongozi. Madengu onyamuliramo ugule pa Luangwa Bridge basi ikaima, a mlaza aja, ndipo usatsitse mtengo mpaka kumuliza wolukayo.

Mnzako uja anakuuza zopatsa alendo mbande za mitengo. Mtima wake ndi wabwino, koma sanalimepo. Ukwati uli mu Seputembala, kutsogolo kuli dzuwa la Okutobala, mvula yodalirika mpaka kumapeto kwa Novembala kapena Disembala. Kambande kadzakwera basi, kadzatsamiridwa ndi chikwama, kadzafika kofota, ndipo kali m'chubu cha pulasitiki chomwe tikuthawacho. Kuli bwino njere, m'timaenivulopu topinda ndi mapepala a kalendala yakale. A m'tauni tiwapatse chammwamba, chimamera sabata imodzi kapena ziwiri, sichifuna malo ambiri, masamba ake ndi ndiwo. A kumudzi okhala ndi minda tiwapatse msangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lachilendo, umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina ikuphuka, choncho chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi. Njere yake ndi ya khungu lolimba, imafuna kuibudula pang'ono m'mphepete ndi chowengera zikhadabo isanafesedwe. Zimenezi tilembe pa enivulopu, m'Chinyanja ndi m'Chingelezi. Koma wa ku Kabulonga, kumayadi a ku Lusaka, usamupatse msangu, ungadzamugwetsere mpanda ndi kumulasa minga.

Za chiwerengero. Iwe wawerenga makadi 250. Mwana wanga, wakhalitsa m'tauni. Phwando la kuno lilibe khadi, ng'oma ikalira mudzi wonse ndi woitanidwa, ndi midzi iwiri yoyandikana nayo. Tisoke timatumba 350, totsala sitidzasowa kolowera. Ndipo tisaike pa matebulo poyamba, ana adzasesa zonse mkwatibwi asanalowe. Atsikana anayi aime panjira ndi malichero nthawi yobalalika, aliyense wotuluka alandire m'manja, ndi mawu oti zikomo mwabwera. Ana tiwakonzere dengu lawolawo la malambe ndi mbuliwuli.

Usaganize kuti popeza ndi zapakhomo ndiye kuti ndi zaulere. Azakhali ako uwagulire ulusi ndi singano za makina, uwapatsenso ya sopo. Amalume ako uchi uja akanagulitsa, ndiye uwalipire mtengo wake ngakhale akane kawiri, kachitatu adzalandira. Wosema uja ndi wa ndalama pamanja. Azimai a mbumba yathu amene adzaswe nshawa ndidzawaphikira thobwa ndi nsima ya nkhuku, imeneyo ndi mbali yanga. Zonse pamodzi sizifika theka la zija unandionetsa. Yotsalayo musunge ya lendi, ndipo ndisamve kuti wapita kwa a kaloba, aja okongoza ndalama pa chiwongola dzanja, chifukwa cha ukwati, pakuti ndinaona mwana wa eni akugulitsa firiji ya mphatso mwezi wachiwiri ali m'banja.

Ntchito tidzayamba tikabwerako ku Kulamba. Loweruka lomaliza la Ogasiti theka la mudzi lidzakhala ku Mkaika kwa Gawa Undi, ndipo sabata imeneyo palibe amene angakugwirire singano. Kusoka kokha azakhali ako ayamba mwezi uno.

Ukambirane ndi akamwini modekha, ndipo usakayambe ndi mawu oti amai anena. Ukwati ndi wanu awiri. Akakonda timakapu tawo, gulani tochepa ta anzawo a kuntchito, ine ndidzatseka pakamwa, ngakhale atate ako akuti zimenezo sanazionepo chikwatirane.

Pobwera usaiwale mabotolo, uwakulunge m'nyuzipepala asasweke pa mabampu a ku Nyimba. Undigulirekonso mafuta opaka bondo aja unabweretsa pa Khirisimasi, anawathandiza atate ako. Akuti ndikuuze kuti suti yawo yakale ikuwakwanabe. Siikuwakwana.

Ndine mai ako.