Kalata kwa mwana wanga ku Seattle, za agogo aja asiya kukuyankhula

Mwana wanga NaBanda,

Kuno tilipo. Mvula yagwa bwino ndipo chimanga cha amayi ako chamera kale. Chikulankhulire pafoni Lachitatu lija mtima wanga sunakhale pansi. Mawu ankadukaduka, ndiye ndati ndikhale patebulo ndilembe, kuti uwerenge ukaweruka kuntchito uli phee.

Unandiuza kuti agogo amene umawasamalira, aja a nkhope yachijapani a zaka pafupifupi 90, asiya kukuyankhula. Unati pa 7 Disembala, wailesi yakanema ikuonetsa mwambo wokumbukira Pearl Harbor, doko la sitima zankhondo za America limene Ajapani analiphulitsa ndi mabomba, unawafunsa kuti, "Agogo, anthu akwanu anachitiranji zimenezi?" Iwo anangoti anabadwira ku Seattle, n'kutembenukira kukhoma. Iwe ukuti sukuona pamene walakwa poti unkangocheza. Mwana wanga, walakwa. Sunachite dala, koma waponda pachilonda chimene chakhala zaka zoposa 80 osapola.

Choyamba udziwe kuti nkhondo ya Japan ndi America, imene inali mbali ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, sinagwe ngati mphezi tsiku limodzi. Japan inalanda Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, mu 1931, n'kulowa nkhondo yeniyeni ndi China mu 1937, ndipo zimene asilikali ake anachitira anthu wamba mumzinda wa Nanjing n'zosasimbika. Japan italowanso ku Indochina, kumene lero kuli Vietnam, Laos ndi Cambodia, America inaitsekera mafuta mu 1941, chikhalirecho mafuta ambiri a Japan ankachokera ku America komweko. Akuluakulu ankhondo ku Tokyo anaganiza zokalanda zitsime zamafuta kuzilumba zimene lero ndi Indonesia, ndipo anaona kuti ayambe athyola msana wa sitima zankhondo za America. M'mawa wa Lamulungu pa 7 Disembala 1941 ndege zawo zinafika ku Pearl Harbor ku Hawaii. Anafa anthu oposa 2,400, mwa iwo 1,177 m'sitima imodzi yokha yotchedwa Arizona, imene mpaka lero ili pansi pamadzi pomwepo.

Tsopano werengera zaka za agogowo. Tsiku limenelo anali kamwana ka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kobadwira mumzinda womwe iwe ukukhalamowo. Patangopita miyezi iwiri, pa 19 Febuluwale 1942, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa Executive Order 9066. Ndi lamulo limenelo anthu pafupifupi 120,000 a magazi achijapani, makamaka a kugombe la kumadzulo, anatsekeredwa m'misasa. Awiri mwa atatu alionse anali nzika za America zobadwira konko. Panalibe mlandu, panalibe bwalo lamilandu. Anauzidwa kuti atenge zokhazo angathe kunyamula m'manja. Masitolo, minda ndi mabwato osodzera nsomba anagulitsa motaya, ena anangosiya. A ku Seattle ambiri anayamba asungidwa pabwalo la chionetsero cha zaulimi ku Puyallup, kenako anawakweza sitima kupita ku Minidoka m'chipululu cha Idaho, m'nyumba zamatabwa zolowa fumbi ndi mphepo yozizira, kuzungulira konse waya waminga, nsanja za alonda ndi asilikali amfuti.

Taganiza kamtsikana kovala chikhoti, kachikwangwani ka nambala ya banja kakulendewera pabatani, kakufunsa amayi ake chimene alakwa. Yankho lomwe dziko linakapatsa linali loti nkhope yake ndi ya adani. Mawu oti "anthu akwanu" ndi omwewo anakatulutsa m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ena a m'misasa imeneyo anavala yunifomu ya America n'kukafera ku Italy ndi ku France m'gulu lankhondo la 442, makolo awo akadali mkati mwa waya. Boma linadzapepesa mu 1988, pamene Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lopereka madola 20,000 kwa aliyense wotsala moyo. Okalamba ambiri anali atatsikira kale kulichete.

Ndikukudziwa iwe, mtima wako ndi wa amayi ako. Ukawerenga izi upsa mtima n'kuyamba kuda Aamerika. Usatero. M'nyumba yomwe ukugwirayo mungathe kukhala nkhalamba ina imene bambo ake kapena mchimwene wake sanabwerere ku Philippines. Mu Epulo 1942 asilikali a America ndi a Philippines amene anagonja ku Bataan, Ajapani anawayendetsa pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 padzuwa, opanda madzi okwanira, wogwa akumubaya pomwepo. Anafa masauzande, ambiri mwa iwo Afilipino. Pankhondo ya panyanja ya ku Midway mu Juni chaka chomwecho Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege, nkhondo n'kutembenuka, koma inatengabe zaka zitatu, chilumba ndi chilumba. Pa Iwo Jima pokha, kachilumba kochepa kwambiri, panafa Aamerika pafupifupi 6,800, ndipo mwa Ajapani pafupifupi 21,000 amene ankakateteza anatsala ochepa chabe.

Chaka cha 1945 ndinkachiphunzitsa ndi mtima wolemera nthawi yonse imene ndinagwira choko. Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi ndege za America zinathira mabomba amoto pa Tokyo, mzinda wa nyumba zamatabwa, ndipo anthu pafupifupi 100,000 anapsa usiku umodzi. Ana asukulu ambiri sadziwa zimenezi, amangodziwa Hiroshima. Kumeneko bomba la atomiki linagwa pa 6 Ogasiti nthawi ili 8:15 m'mawa, ana ali panjira, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anali atafa pafupifupi 140,000. Pa 9 Ogasiti linagwa ku Nagasaki, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Urakami, n'kupha ena pafupifupi 70,000. Mbali yaikulu ya miyala ya yureniyamu imene Aamerika anagwiritsa ntchito popanga mabombawo inakumbidwa kuno ku Africa, ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Mfumu Hirohito ya Japan inalengeza kugonja pawailesi pa 15 Ogasiti, ndipo zikalata zinasainidwa pa 2 Sepitembala m'sitima ya Missouri. Akatswiri amatsutsanabe ngati mabombawo anali ofunika kuti nkhondo ithe. Ine maganizo anga ndi oti kuotcha mzinda wodzaza amayi ndi ana sikungakhale kolungama, ngakhale ndikudziwa kuti atsogoleri a Japan ndiwo anakoka dziko lawo kulowa nalo m'dzenje.

Pali china chimene sindinakuuzepo bwinobwino. Agogo ako aamuna, atate anga, anamenyana ndi Ajapani. Anali m'gulu la King's African Rifles, ndipo mu 1944 anali ku Burma, dziko limene lero limatchedwa Myanmar, m'chigwa cha Kabaw pansi pa Angerezi, m'nyengo ya mvula yosakata. Ndikukumbukira miyendo yawo akamasamba kuseri kwa nyumba, yodzaza timabanga takuda ta misundu. Ankati malungo ndi matope zinawazunza koposa zipolopolo. Za kumenyana kwenikweni sankanena. Tsiku lina tikukazinga chimanga anandiuza kuti anapeza msilikali wachijapani atafa ndi njala pansi pa mtengo, nthiti zili gwa, m'thumba mwake muli chithunzi cha mayi atanyamula khanda. Anati anachibwezera m'thumbamo n'kutseka batani. Sanapitirize, ndipo ine sindinafunse. Munthu amene anapita kukawombera Ajapani ndi mfuti sindinamumvepo akuwatukwana mpaka anamwalira.

Ndiye chita izi. Ukalowa m'chipinda chawo usayambe ndi mankhwala kapena kuyala bedi. Khala pansi kuti maso anu alingane, monga tinakuphunzitsira polankhula ndi akulu. Uwauze kuti unalankhula mosadziwa, kuti wamva tsopano kuti kwawo ndi ku Seattle, ndipo upepese. Usawonjezere zoti unkangoseka, chifukwa zimenezo zimafafaniza chipepeso. Usawafunse za msasa. Ambiri a m'badwo umenewo sanauze ngakhale ana awo, ndiye sangatsegulire iwe chifukwa choti wachita chidwi sabata ino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akadzayamba okha, siya chimene ukuchita umvetsere, ndipo zimene akuuzazo usakazisimbe kwa anzako pa WhatsApp.

Iwenso konko anthu amakufunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo iwe uli ndi yankho, poti mchombo wako unakwiriridwa kuno. Koma mdzukulu wanga wabadwira konko, ndipo tsiku lina wina adzamuyang'ana nkhope n'kumufunsa za "anthu akwawo." Udzafuna kuti womufunsayo abwerere akapepese.

Chithunzi cha agogo ako ali mu yunifomu chikadali m'sutikesi ya amayi ako. Ndauza mlongo wako kuti achijambule ndi foni akutumizire. Akakukhululukira agogo amene umawasamalirawo, ndipo nthawi ikakhala yabwino, ungathe kuwaonetsa, koma uwauze zoona za kumene anali ndi amene ankamenyana nawo. Undiimbire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, undiuze mmene zayendera. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti umpsompsone mwanayo.

Ndine,
Bambo ako