Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: zimene Prof Mayosi adatisiyira zisathere m'mabuku

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba ndili kuno ku Cape Town komwe ndimagwira ntchito, koma mtima wanga uli kumudzi kwa achemwali anga amene mtima wawo sugunda bwino. Ukaika khutu pachifuwa pawo umamva ukuthamanga, kenako ukhala ngati waima, kenako wayambanso, alibe ndondomeko ngati ng'oma ya mwana wongophunzira kumene. Adokotala adati ndi atrial fibrillation, ndipo gwero lake ndi zilonda zapakhosi zomwe adadwala ali mwana zosachizidwa bwino, matendawo adakaononga valve ya mtima, kachitseko koongolera kayendedwe ka magazi mumtimamo. Ali ndi zaka 34 zokha.

Tsiku lililonse minibasi yanga imadutsa pafupi ndi Groote Schuur, chipatala chomwe ankagwirako ntchito malemu Professor Bongani Mayosi, dokotala wa matenda a mtima, ndiye ndikufuna ndikukumbutseni za bambo ameneyu chifukwa ntchito yake ikutikhudza ifeyo mwachindunji. Anali mwana wa ku Mthatha kuno ku South Africa, adakaphunzira mpaka ku Oxford koma adabwerera kwawo, ndipo adamwalira mu 2018 ali ndi zaka 51. Ambiri amamudziwa chifukwa cha 2017, pomwe gulu lake pamodzi ndi anzawo a ku Italy ndi ku Canada adapeza kuti gene (kanthu ka m'thupi kotengera kwa makolo) yotchedwa CDH2 imayambitsa matenda a ARVC, aja amagwetsa wachinyamata wooneka wathanzi mwadzidzidzi mtima utasokonekera kagundidwe. Adalondola banja limodzi la ku South Africa kwa zaka pafupifupi 20, taganizani kupirira kwake.

Koma ineyo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kafukufuku wotchedwa REMEDY. Mayosi adasonkhanitsa madokotala a m'zipatala 25, m'maiko 12 a mu Africa kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso India ndi Yemen, nkulemba odwala 3,343 a matenda omwewa a achemwali angawa. Zotsatira zidatuluka mu 2015 ndipo zinali zomvetsa chisoni, theka la odwalawo anali a zaka 28 kutsika m'munsi, ambiri azimayi, mmodzi mwa asanu alionse mtima wake unkagunda mosokonekera. Mwa omwe ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana nkuyezedwa, osakwana mmodzi mwa atatu ndi amene magazi awo anali pa mlingo woyenera. Awa si anthu a kutali ayi, ena mwa iwo ndi athu omwe.

Kenako padabwera kafukufuku wina wotchedwa INVICTUS, yemwe iye adathandiza kuyambitsa ndi anzake a ku yunivesite ya McMaster ku Canada ngakhale sadaone mathero ake. Funso linali losavuta, kodi mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana otchedwa rivaroxaban, osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, angalowe m'malo mwa warfarin wakale uja kwa odwala ngati athuwa? Anthu oposa 4,500 m'maiko 24 adatenga nawo mbali, ndipo mu 2022 yankho lidadabwitsa ambiri, omwe ankamwa mankhwala a mtundu wa warfarin adamwalira ochepa kuposa a gulu linalo. Mankhwala otchipa aja ndi omwe adapambana bwana. Akadapanda anthu ofunsa funsoli pa odwala athu enieni, bwenzi tikungotengera zotsatira za azungu okalamba omwe matenda awo gwero lake ndi lina.

Ndiye apa ndi pomwe pali pempho langa. Warfarin ndi wabwino koma ndi wovuta kusamala, akachepa magazi amaundana munthu nkuchita sitiroko, akachuluka munthu amataya magazi. Pamafunika kuyeza INR, nambala yosonyeza nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, pafupipafupi kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3, ndipo imasinthasintha ndi zinthu wamba, kudya nkhwani kapena bonongwe wambiri sabata ino sabata inayo osadya, kapena kuyamba mankhwala a TB. Achemwali anga, omwe amamwa warfarin yemweyu, amadzuka 4 koloko m'mawa, kabaza kenako minibasi, kupita kuchipatala chachikulu kukangoyezetsa kadontho ka magazi. Ulendo wina adafika nkuuzidwa kuti zoyezera zatha abwerenso, adandiimbira foni akulira, ndalama ya thiransipoti yomwe ndidatumiza itapita pachabe, ndipo mwezi umenewo adamwa mankhwala mongoganizira. Kabuku kawo kachipatala ndidakaona mu December, masamba ena mzere wa INR uli mbee.

Timakina toyezera INR pachala tilipo, ndi tating'ono ngati toyezera shuga tija. Chonde a Nduna, tifikitseni m'zipatala zonse za maboma pamodzi ndi ma strip ake osadukiza, ndipo ma clinical officer ndi anamwino aphunzitsidwe kusintha mlingo wa warfarin pompo. Jakisoni wa benzathine penicillin nayenso asamasowe, chifukwa ndi amene amateteza ana kuti valve isapitirire kuonongeka.

Chinanso, madokotala athu achinyamata a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS omwe akufuna kuphunzira za mtima muwathandize kulumikizana ndi magulu omwe Mayosi adasiya kuno ku yunivesite ya Cape Town (UCT) ndi m'bungwe la madokotala a mtima a mu Africa la PASCAR, apatseni nthawi ndi kandalama kochitira kafukufuku ali kwathu konko, asamachite kuthawa kaye kuti atheke.

Achemwali anga tsiku lawo lotsatira loyezetsa ndi mwezi wamawa, ndatumiza kale ya thiransipoti.

Ine mwana wanu,
wa ku Cape Town